Buku la Makasitomala Lija

Pomwe ndinkayamba ntchito ya ukalaliki m'sitolo ina yogulitsa zipangizo zomangira nyumba ku Limbe, maina a makasitomala athu onse ankakhala m'buku limodzi lachikuto cholimba. Likakhala m'manja mwa abwana, enafe tinkangopinda manja n'kudikira. Makalata otsatsa malonda tinkalemba pa tayipi, kaboni ali pakati pa mapepala, kenako mesenjala n'kupalasa njinga ulendo wa ku positi.

Kompyuta itabwera, mavuto anabweranso ena. Mndandanda uja tinkausunga pa kadisiki ka 1.44 MB, ndipo tsiku lina kanangokana kutseguka. Maina a miyezi itatu anapita basi. Ndinatuluka thukuta ngakhale munali mu Juni.

Zaka zomwezo, mu 1999, Marc Benioff ndi anzake ankayambitsa Salesforce m'kanyumba ka lendi ku San Francisco. Ganizo lawo linali loti pulogalamu yosungira maina a makasitomala isamaikidwe m'kompyuta ya munthu, izikhala pa intaneti, kampani izingolipira pamwezi. Mailchimp inayamba mu 2001 ku Atlanta, yotumizira makalata a malonda kwa anthu ambirimbiri kamodzi. Mu 2006 Google inagula Writely, pulogalamu yolembera pa intaneti yomwe inadzasanduka Google Docs.

Ifeyo zinatipeza mochedwa, chifukwa intaneti inali yoboola m'thumba. Koma tsiku loyamba lomwe ine ndi mnzanga wa ku nthambi ya ku Mzuzu tinalemba m'fayilo imodzi nthawi imodzi, ine ndikuona kachizindikiro kake kakuyendayenda pa kompyuta yanga, ndinathamangira kukaitana abwana. Anavala magalasi, nayang'anitsitsa, nafunsa chonong'ona ngati mnyamatayo akutiona.