Tantum ergo, nyimbo yoyambira pakati

Mukamasulira dzina lakuti Tantum ergo liu ndi liu, mupeza mau osamveka: "cacikulu cotere, motero". Cacikulu ciani? Nanga nyimbo ingayambe bwanji ndi "motero", ngati munthu amene akutsiriza nkhani?

Akutsirizadi nkhani. Zimene makwaya a Akatolika amaimba polambira Sakramenti Loyera ndi ndime ziwiri zothera za nyimbo ya ndime zisanu ndi imodzi, Pange lingua ("imba, lilime iwe"). Thomas Aquinas anailemba pamene Papa Urban IV anakhazikitsa cikondwerero ca Thupi ndi Magazi a Kristu mu 1264. Ndime zinai zoyamba zimasimba za kubadwa kwa Yesu ndi mgonero wotsiriza, ndipo "motero" uja akuloza kumeneko.

Maina ambiri a Cilatini a mu Mpingo si mitu ai, ndi mau oyamba cabe. Kale, mabuku akali kukopedwa pamanja, zolemba zambiri zinalibe mutu, conco anthu anali kuzichula ndi mau amene zayambira. Magnificat, nyimbo ya Maria ya pa Luka 1:46, ndi liu limodzi lotanthauza "ukulemekeza". Te Deum ndi "Inu Mulungu", basi. Mau a citamando ali kutsogolo.

Pa makalata a apapa m'pamene mwambowu umasoceretsa kwambiri. Rerum novarum ya Leo XIII, ya pa 15 May 1891, ambiri amaimasulira kuti "za zinthu zatsopano", ndipo ungaganize kuti ikunena za sitima ndi makina. Koma kwa Aroma akale, kufuna "zinthu zatsopano" kunali kufuna kugwetsa boma. Papa anali kuona anchito a m'mafakitale a ku Ulaya atatopa ndi umphawi. Analemba kuti malipiro ayenera kukwanira kusunga munthu bwino, ndiponso kuti anchito ali ndi ufulu wopanga mabungwe ao, koma anakana zolanda anthu katundu wao. Ndiona kuti mkristu wogwira nchito pa mgodi ku Kitwe ayenera kuidziwa kalata imeneyi kuposa ina iliyonse, koma dzina lake silimuuza kuti muli nkhani yake.

Nthawi zina cinenero ca dzina ndico uthenga. Mu 1937 Pius XI podzudzula boma la Hitler anasiya Cilatini nalemba m'Cijeremani: Mit brennender Sorge, "ndi nkhawa yoyaka moto". Anailowetsa m'Germany mobisa, ndipo ansembe anaiwerenga m'machalichi pa Sondo ya Kanjedza. Laudato si' ya Papa Francis (2015), yonena za kusamala cilengedwe, nayonso si Cilatini, ndi Citaliyana cakale ca Francis wa ku Assisi. Kyrie eleison wa pa Misa ndi Cigiriki.

Cikalata ca pa 4 December 1963 cimene cinatsegula njira yakuti Misa icitike m'Cinyanja, m'Cibemba ndi m'Citonga cimachedwa Sacrosanctum Concilium. Tanthauzo lake ndi "Msonkhano woyera", ndipo za zinenero zili pa ndime 36.