Chaka cha 1922: Buku Lopatulika ndi Akhristu a ku Angonia

M'chaka cha 1922 munachitika zinthu ziwiri zimene olemba mbiri ya Eklesia amakonda kuzisimba padera. Buku Lopatulika linasindikizidwa lathunthu m'Chinyanja, ndipo m'chaka chomwecho boma la Apwitikizi linatseka ntchito ya Mishoni ya Dutch Reformed m'dziko la Angonia ku Mozambique.

Ntchito ya Bukulo inayamba ndi msonkhano wa amishoni wa mu 1900, umene unapangana kuti pakhale Baibulo limodzi la onse olankhula Chinyanja. Katundu wolemera anagwera Mbusa W.H. Murray, amene anakhala nthawi yaitali pa Kaso, pafupi ndi Mvera, akusanthula Chihebri ndi Chigriki. Dr Alexander Hetherwick wa ku Blantyre anamthandiza, ndiponso aphunzitsi a kuno monga Jonathan Sande ndi Ishmael Mwale, amene maina ao satchulidwa mokwanira. Iwowa ndiwo amene ankadziwa ngati liwu lidzamveka pabwalo ndi pamaliro, kapena lidzangokhala la m'kalasi.

Anthu amenewa anapirira zaka zoposa 20 chifukwa cha chiphunzitso chimene Eklesia wa Chikonzedwe anachilandira kwa makolo ake. Chivomerezo cha Belgic, cholembedwa ndi Guido de Brès mu 1561, m'mutu wake wa 7 chiphunzitsa kuti Malembo ali nazo zonse zofunika kuti munthu apulumuke ndi kutumikira Mulungu, ndi kuti mwambo, ukale wa chinthu, kapena chipangano cha msonkhano sizilingana nawo. (Pamenepa palowanso Zolamulira, zimene akulu ena amazitsegula msanga pamlandu Baibulo lili chitsekere.) Ngati Mau akwanira, kuwapereka m'chinenero cha mwini mudzi ndiyo ntchito yoyamba ya mishoni.

Ku Angonia chiphunzitso chimenechi chinayesedwa pamoto. Mishoni ya Mphatso inatsegulidwa mu 1909, ndipo inangogwira ntchito zaka 13. Amishoni atachoka, sukulu zinatsekedwa, nkhosa zinatsala zopanda mbusa. Wofuna ubatizo kapena Mgonero wa Ambuye anayenera kudumpha malire kupita ku mipingo ya m'Nyasaland. Chimene chinatsala m'midzi ndicho Buku, Katekisma, nyimbo za pamtima, ndi anthu owerengeka odziwa kuwerenga.

Pasakhale wokometsa zaka zimenezo. Ambiri anabwerera m'mbuyo, ana anakula osaphunzira, ndipo Malembo omwewo amene Akhristuwo ankawerenga ankawauza kuti mpingo uyenera kukhala ndi abusa ndi masakramenti, zimene iwo analibe. Kukwanira kwa Mau sikunachotse njala imeneyo; kunaisunga kuti isazime. Mkulu wowerengera banja lake Masalmo madzulo ankadziwa chimene chinasowa, chifukwa Bukulo linkamuuza.

Panapita zaka pafupifupi 50 ntchito isanayambenso poyera. Atumiki amene anafika pambuyo pake sanayambe pa tsala: anapeza magulu a okhulupirira akupempherabe, ena mwa iwo adzukulu a ophunzira a pa Mphatso. Pa maziko amenewo panamangidwa mipingo ya ku Angonia ya Igreja Reformada em Moçambique, ndipo Sinodi yake ya kumeneko inatenga dzina la Mphatso.