Linga la Fort Adelaide pa Cisumbu ca Mauritius

Aphunzitsi anzanga, pamene sukulu zinatsekedwa ndinapeza mwai wakufika pa cisumbu ca Mauritius, cimene ciri m'nyanja yaikuru ya India, kum'mawa kwa Madagascar. Zimene ndinaona nzambiri, koma pano ndifuna kukusimbirani cinthu cimodzi cokha, ndico linga lakale limene liri pamwamba pa kaphiri mu mzinda wa Port Louis. Dzina lake ndi Fort Adelaide, koma eni dziko amangoti La Citadelle.

Ndinakwera m'mamawa dzuwa lisanawawe. Makoma ake ndi ocindikala, a miyala yakuda yosemedwa mwaluso. M'kati muli bwalo lalikuru lozingidwa ndi zipinda za makomo okhota ngati uta, m'mene munali kugona asilikari. Munthu ataima pamwamba aona doko lonse ndi zombo zake, misewu ya mzinda, ndi mapiri kumbuyo kwake. Pamenepo ndinadzifunsa funso limene mwana wa sukulu akadafunsa: kodi mdani wake anali yani?

Kuti tiyankhe bwino tiyenera kubwerera m'mbuyo. Anthu a ku Holland ndiwo anapatsa cisumbuci dzina la Mauritius m'caka ca 1598, nakhalapo kuyambira 1638 kufikira 1710. Atacoka iwo, Afalansa anacitenga mu 1715, naciyesa Isle de France. Iwo anadzaza minda yao ndi akapolo. Tsono kumapeto kwa November 1810 Angerezi anakoceza zombo zao kumpoto kwa cisumbu, nayenda pamtunda kufikira Port Louis, nalanda dziko mu December. Koma analola Afalansa okhalamo kusunga minda yao, cinenero cao, cipembedzo cao ndi malamulo ao. Motero mbendera inali ya Angerezi, koma cuma cinali m'manja mwa Afalansa, ndipo cumaco cinali nzimbe ndi akapolo.

Mabvuto anabuka pamene anthu a ku England analimbika kuti ukapolo uthe. Mu 1832 Boma linatumiza John Jeremie, munthu wodana ndi ukapolo, kuti akhale mkuru wa zamalamulo. Eni minda anakwiya koopsa. Anatseka masitolo, naimitsa nchito zonse mu mzinda, kufikira Bwanamkubwa anacita mantha nambweza munthuyo. Jeremie anabweranso caka cotsatira, koma tsopano pamodzi ndi asilikari. Apa ndipo Angerezi anazindikira kuti mdani sali kutsidya kwa nyanja kokha, komanso m'nyumba momwe. Cifukwa cake mu 1834 anayamba kumanga linga pa kaphiri koyang'ana doko ndi mzinda womwe, nalitsiriza mu 1840. Analipatsa dzina la Mfumukazi Adelaide, mkazi wa Mfumu William IV.

Ukapolo unatha pa cisumbuco pa 1 February 1835. Akapolo oposa 60,000 anauzidwa kuti ali mfulu, koma anaumirizidwa kugwirabe nchito kwa ambuye ao akale kufikira 1839. Eni akapolo analipidwa mapaundi okwana ngati mamiliyoni awiri cifukwa ca kutaya cuma cao. Akapolo eni ake sanalandire ngakhale kobiri. Mkwiyo wa eni minda utazirala motero, nkhondo imene inaopedwa ija siinadze konse, ndipo lingalo silinaone nkhondo ndi kamodzi komwe.

Nanga anasenza miyalayo ndani? Anali Amwenye obwera nao kucokera ku India, pamodzi ndi anthu akuda amene anali kungoturuka kumene mu ukapolo. Apa ndi pamene nkhaniyi itikhudza ife. Akapolo ambiri a ku Mauritius anacokera ku Madagascar ndi ku gombe la kum'mawa kwa Africa. Ogula anthu anali kuwakweza m'zombo pa madoko a Quelimane, Mozambique ndi Kilwa, ndipo njira zopita ku madokowo zinali kuyambira kuno kumtunda, ku maiko a Zambezi ndi a Nyanja. Pofika kumeneko onse anangochedwa a Mozambique, ngati kuti ndi mtundu umodzi. Koma mu 1846 Mfalansa wina, dzina lake Eugène de Froberville, anaceza ndi ena mwa omasulidwawo nalemba mitundu yao, ndipo pakati pao panali Amakua, Ayao ndi Amaravi. Pamene agogo athu anena kuti uje anagwidwa kumunda ndipo sanaonekenso, kwina kumene anthu otere anathera ndi kumeneku.

Ndisanatsike ndinayang'ana pansi pa kaphiriko, pamene pali bwalo la Champ de Mars, limene akavalo anayamba kuthamangiramo mu 1812. Pa bwalo lomwelo, pa 12 March 1968, mbendera ya Angerezi inatsika, niikwera ya Mauritius, pamaso pa zidzukulu za akapolo ndi za Amwenye aja.

Ndinatsika ndi manyazi pang'ono. Kangati ndaimirira pa bolodi ndi kulemba maina a mafumu ndi zaka zao, ana naloweza, ine ndi kuyesa kuti ndaphunzitsa mbiri? Dzina la Adelaide alidziwa ali yense wofika pamenepo, ngakhale mfumukaziyo siinanyamule mwala ndi umodzi womwe. Tsono pempho langa ndi ili: pophunzitsa za ukapolo, tisayambire m'buku. Titume ana kwa akuru-akuru a m'midzi mwao akafunse za malinga amene makolo anamanga, za mapiri amene anathawiramo, ndi za abale amene sanabwerere. Zimene abwera nazo tizilembe m'kabuku ka sukulu nkhalamba zisanathe, pakuti zikapita sitidzapezanso wofunsa.