Alick Nkhata, Mawu a M'kapoto

Agogo anga, kwathu kwa Sandwe ku Petauke, ankasimba kuti wailesi yoyamba imene anaiona inkafanana ndi poto. Imeneyo inali Saucepan Special, wailesi yotsika mtengo yoyendera batire, imene inayamba kugulitsidwa mu 1949. Mwa mawu onse otuluka m'kapotomo, agogowo sankaiwala a Alick Nkhata.

Nkhata anabadwira ku Kasama mu 1922. Atabwerako ku Burma, kumene anapita ndi asilikali pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, anagwira ntchito ndi Hugh Tracey, katswiri wojambula nyimbo za makolo. Kumeneko anaphunzira kuti nyimbo yosajambulidwa imatha kupita kumanda pamodzi ndi mwini wake.

Kenako analowa ntchito ku Central African Broadcasting Service ku Lusaka. Ankaulutsa mawu, kujambula oimba a m'midzi ndi m'makomboni, ndiponso kuimba yekha ndi gitala. Gulu lake la Lusaka Radio Band ndilo linadzatchedwa Big Gold Six. Pa nthawi imene ambiri ankayesa kuti nyimbo zapamwamba n'zachizungu zokha, iye anaonetsa kuti Chinyanja ndi Chibemba nazo zikhoza kumveka pa wailesi mpaka ku Nyasaland ndi Southern Rhodesia.

Atapuma pantchito anakakhala pa famu yake ku Mkushi. Kumeneko anaphedwa mu Okutobala 1978, asilikali a Rhodesia ataukira msasa wa ZIPRA umene unali pafupi.

Lero likulu la ZNBC lili mu msewu wa Alick Nkhata. Ana a m'kalasi mwanga amaudziwa msewuwo, koma nditawafunsa za mwini dzinalo, palibe anakweza dzanja.