Badr ya Kumayambiriro kwa Chilimwe: Mbiri ya Funso Lakale

Pa 11 June 2025, lomwe lidali tsiku la 15 la Dhul Hijja 1446 malinga ndi chiwerengero cha ku Makka, mwezi udali wathunthu. Anthu a ku Baghdad, Cairo ndi London adauona ukutuluka uli wofiirira, waukulu ngati lichero, ndipo usiku wonse udangoyenda cham'munsi chakumwera osakwera kwenikweni. Ku Baghdad sudapitirire madigiri pafupifupi 28 kuchokera pomwe thambo limakumana ndi dziko, ku London madigiri 10 okha. Ife kuno, titadzifunditsa mabulangete chifukwa cha mphepo ya June, tidauona uli pafupifupi paliwombo, woyera mbee.

M'mawa mwake wophunzira wina adandifunsa kuti: "Shehe, mmene udadzadzira mwezi dzana ndi dzulo, kodi sitidalakwitse tsiku loyamba la mweziwu?" Funsoli limamveka chaka ndi chaka pakhomo la mzikiti, makamaka pakati pa Ramadhan, ndipo lidadanitsapo anthu opemphera mzere umodzi. Yankho lake lili m'mabuku a fiqh, koma kuti limveke bwino tiyambe ndi zomwe makolo athu m'chipembedzo adaona kumwamba.

Chichewa chili ndi liwu limodzi, mwezi, la chomwe chimawala usiku komanso la masiku omwe timawerenga. Mwarabu amasiyanitsa: qamar ndi wakumwambawo, shahr ndi wa masiku, hilal ndi kamwezi kongooneka kumene, ndipo badr ndi wathunthu. Akatswiri a chiyankhulo adati udatchedwa badr chifukwa umachita changu kutuluka ngati ukupikisana ndi dzuwa lomwe likulowa. Arabu sadapereke dzina kwa mwezi wathunthu wa nyengo iliyonse monga amachitira ku America, komwe wa June amautcha dzina la zipatso za sitiroberi. Iwo adatcha mayina mausiku atatuatatu. Atatu oyamba ndi ghurar, a 13, 14 ndi 15 ndi bidh, kutanthauza oyera, otsatira ndi dura', ndipo omaliza, pomwe mwezi wafa, ndi muhaq. Al-Biruni adalemba mndandanda wonse m'buku lake la al-Athar al-Baqiya cha m'ma 1000.

Nanga nyengo ankaidziwa bwanji? Njira ya mwezi adaigawa m'malo 28 otchedwa manazil, aliwonse ndi nyenyezi zake, ndipo mwezi umagona pa amodzi usiku uliwonse ngati wapaulendo. Qur'an yolemekezeka ikutchula malo amenewa mu Surat Yunus ndime 5 ndi Surat Ya Sin ndime 39, ndipo mu Yunus ikufotokoza kuti cholinga chake n'choti anthu adziwe kuwerenga zaka. Dzuwa limadutsanso njira yomweyo, koma limatha masiku 13 pamalo amodzi. Malo 28 kuchulukitsa ndi 13 ndi 364, ndiye malo amodzi ankapatsidwa masiku 14 kuti chaka chikwane 365. Ibn Qutayba, yemwe adamwalira ku Baghdad mu 276 Hijri (889), adasonkhanitsa nzeru imeneyi kuchokera kwa anthu a m'chipululu m'buku lake la Kitab al-Anwa'.

Apa m'pomwe pagona nkhani. Mwezi umadzaza ukakhala moyang'anizana ndi dzuwa, dziko lili pakati, choncho umakhala malo 14 kutsogolo kwa dzuwa. Kumayambiriro kwa June dzuwa limakhala pafupi ndi al-Dabaran ndi al-Haq'a, ndiye badr imagwera pa al-Qalb, nyenyezi yofiira yomwe ndi mtima wa chinkhanira, kapena pa al-Shawla, mbola yake. Amenewa ndi malo akumwera kwenikweni, kufupi ndi komwe dzuwa limakhala mu December. Mwachidule, badr ya June imayenda njira ya dzuwa la December. Kwa munthu wa ku Iraq dzuwa la December limakhala lotsika, nayonso badr ya June imatsika. Kwa ife okhala kumwera kwa ikweta dzuwa la December limadutsa pafupi ndi pamutu, n'chifukwa chake mwezi wa m'chisanu umatiwalira kuchokera pamwamba. Pa Lilongwe usiku uja udakwera madigiri pafupifupi 75. Choncho mphunzitsi akamawerenga ndi ophunzira ake buku lolembedwa ku Baghdad lonena za mwezi wotsika wa m'chilimwe, awauze kuti wathu wotsikirapo ndi wa December, ndipo umapendekera kumpoto.

Chaka cha 2025 udatsika koposa chifukwa njira ya mwezi ndi yopendekeka madigiri 5 kuchokera pa njira ya dzuwa, ndipo malo awiri omwe njirazi zimadutsana, omwe akatswiri athu ankawatcha mutu ndi mchira wa jawzahr, amazungulira kamodzi pa zaka 18.6. Kupendekekako kukaonjezereka pa madigiri 23 ndi theka a dzuwa, mwezi umafika madigiri oposa 28 kumwera. Zidachitikanso chimodzimodzi mu 2006.

Chisilamu chitabwera sichidataye nzeru ya manazil, koma chidaidulira malire. Ku Hudaybiya, chaka cha 6 Hijri, kudagwa mvula usiku, ndipo itatha Swala ya Fajr Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) adawauza Maswahaba kuti wonena kuti mvula yagwa mwa chifundo cha Allah ndiye wokhulupirira, pomwe woipereka kwa nyenyezi wamukana Allah. Hadith imeneyi ya Zayd ibn Khalid ili mu Bukhari ndi Muslim. Imam al-Shafi'i mu al-Umm adailongosola mosamala: wokhulupirira kuti nyenyezi ndiyo imagwetsa mvula wachita kufr, koma wongotanthauza kuti mvula yagwa m'nyengo ya nyenyezi yakuti sadatuluke m'chikhulupiriro, ngakhale Imamuyo adakonda kuti munthu asankhe mawu ena. Ndipo Zayd ibn Thabit (Allah asangalale naye) sankagulitsa zipatso za m'munda mwake mpaka nyenyezi za Thurayya zitayamba kutuluka m'bandakucha. Ku Hijaz zimenezi zimachitika poyambira chilimwe, tende akayamba kupsa. Ibn Hajar adati chomwe lamulo likuyang'ana ndi kupsa kwa chipatsocho, nyenyezi ndi chizindikiro chabe.

Chomwe chidathetsedwa kotheratu ndi nasi', khalidwe losuntha miyezi yopatulika. Surat al-Tawba ndime 36 ndi 37 idakhazikitsa miyezi 12, ndipo pa Hajj yotsanzika mu 10 Hijri (632) Mtumiki adalengeza poyera. Kuyambira pamenepo chaka cha ibada ndi cha masiku 354 kapena 355, chochepa ndi masiku pafupifupi 11 poyerekeza ndi cha dzuwa. Dzina la Ramadhan limachokera ku kutentha kwa nthaka, la Jumada ku kuuma kwa madzi ndi kuzizira, koma miyeziyi simangirirananso ndi nyengo. Badr ya kumayambiriro kwa chilimwe imayendera mwezi uliwonse wa Hijri m'zaka pafupifupi 33. Za ulimi ndi msonkho maboma ankazitsata ndi kalendala ya dzuwa. Nayonso idali ndi mavuto ake. M'nthawi ya Abbasi msonkho wa minda unkatoleredwa pa Nawruz ya Aperezi, tsiku lomwe lidabwerera m'mbuyo mpaka alimi ankalipira mbewu zisanakhwime, ndipo Khalifa al-Mu'tadid mu 282 Hijri (895) adalisunthira pa 11 Haziran, womwe ndi June.

Tsopano za kukula kuja. Ptolemy wa ku Alexandria, m'buku lake la Almagest, adati chinyezi cha m'mpweya wa cham'munsi ndicho chimakulitsa mwezi, monga chinthu chimaonekera chachikulu chikakhala m'madzi. Ambiri adatsatira maganizo amenewa kwa zaka mazana. Yemwe adawaunikanso mozama ndi al-Hasan ibn al-Haytham, wobadwira ku Basra cha mu 965 n'kumwalira ku Cairo cha mu 1040. M'gawo lachisanu ndi chiwiri la Kitab al-Manazir adati chifukwa chachikulu chili mwa woonayo. Munthu sayeza kukula kwa chinthu ndi diso lokha. Maganizo amaphatikiza zomwe diso lalandira ndi mtunda womwe akuuyerekeza, ndipo mtunda timaudziwa poona zinthu zomwe zili pakati pathu ndi chinthucho. Tikayang'ana pamutu palibe chilichonse pakati, thambo limaoneka ngati denga lapafupi. Tikayang'ana kumapeto kwa dziko pali minda, mitengo ndi mapiri, ndiye kumaoneka kutali. Chinthu chotenga malo ofanana m'diso koma chooneka chakutali, maganizo amachiweruza kuti n'chachikulu. Sadakane kuti nthunzi yokhuthala ingaonjezereko nthawi zina, koma adaiika ngati chifukwa chapatali.

Miyeso ya masiku ano ikugwirizana naye pa mfundo yaikuluyo. Mwezi umatenga pafupifupi theka la digiri, kaya uli pansi kaya pamwamba. Ndipotu ukamatuluka umakhala kutali ndi ife ndi makilomita pafupifupi 6,000 kuposa ukakhala pamutu, ndiye umayenera kuchepa pang'ono. Aliyense atha kuyesa. Pindani pepala ngati kampope, muyang'aniremo mwezi ukamatuluka, mitengo ndi nyumba zisaoneke, muona wachepa nthawi yomweyo. Badr ya June imawadabwitsa kwambiri a kumpoto chifukwa imatha nthawi yaitali ili pafupi ndi madenga ndi mitengo. Kufiira kwake nako si chizindikiro cha tsoka. Kuwala kochokera m'munsi kumadutsa mpweya wambiri ndi fumbi, monga timaonera kuno mu September ndi October utsi wa moto wa m'tchire ukadzaza.

Ibn al-Haytham adalembanso kabuku kapadera ka kuwala kwa mwezi. Onse ankavomereza kuti kuwalako n'kwa dzuwa, koma ambiri ankati mwezi umakubweza ngati galasi. Iye adayang'ana zigawo zake chimodzichimodzi kudzera pa kampata kochepetseka, n'kusonyeza kuti mbali iliyonse yowalitsidwa imamwaza kuwala kumbali zonse. Likadakhala galasi tikadangoona kadontho kowala, osati mbale yonse.

Kukula kwenikweni kulipo, koma n'kwa mtundu wina. Mtunda wa mwezi umasintha pakati pa makilomita pafupifupi 357,000 ndi 406,000. Al-Battani wa ku Raqqa, yemwe adamwalira mu 929, adayeza kusinthaku. Ibn al-Shatir, woyang'anira nthawi za Swala pa mzikiti waukulu wa ku Damascus yemwe adamwalira mu 1375, adakonza chiwerengero cha Ptolemy chomwe chikadatsatidwa chikadafuna kuti mwezi nthawi zina uzioneka waukulu pafupifupi kawiri, chinthu chomwe palibe adachionapo. Ndimakonda kuwakumbutsa ophunzira kuti munthu ameneyu adali wantchito wa mzikiti.

Tibwerere ku funso la wophunzira uja. Mu Sahih Muslim muli nkhani ya Abu al-Bakhtari ndi anzake omwe adali pa ulendo wa Umra. Atafika ku Batn Nakhla adaona hilal, ena n'kumati ndi ya masiku atatu, ena awiri. Atamufunsa Ibn Abbas (Allah asangalale naye), iye adangowafunsa usiku womwe adaiona, n'kuwauza, potsamira mawu a Mtumiki, kuti mweziwo ndi wa usiku womwewo. Mutu womwe hadithiyi idaikidwa ukunena kuti kukula kapena kuchepa kwa hilal sikuyang'aniridwa. Ngati kukula kwa hilal si umboni, kudzaza kwa badr kungakhale umboni bwanji?

Masamu akunenanso zomwezo. Mwezi umatha masiku 29, maola 12 ndi mphindi 44 kuti ubwerere pomwe udali, ndipo theka lake ndi masiku 14 ndi maola 18. Koma poti umathamanga ukayandikira dziko n'kuchedwa ukatalikira, nthawi yochokera pa kubadwa kwake mpaka kudzaza imasintha kuyambira masiku 14 osakwana mpaka kupitirira 15 ndi theka. Onjezanipo kuti hilal imaoneka patatha tsiku limodzi kapena awiri chibadwire. Ndiye kudzaza kwenikweni kutha kugwera usiku wa 13, 14, 15, mwinanso 16, popanda wolakwitsa. Komanso diso silisiyanitsa mausiku awiri kapena atatu amenewo. Wonena pakati pa Ramadhan kuti tidayamba mochedwa chifukwa mwezi wadzaza msanga akuweruza ndi mboni yomwe Shariya siilandira, ndipo akuwaika anthu m'chikaiko pa swaumu yawo popanda chifukwa.

Pa kusala masiku oyera ma ulama sadaiwale kuti tsiku loyamba litha kuphonyeka. Hadith ya Abu Dharr mu Tirmidhi ndi Nasa'i ikutchula 13, 14 ndi 15, pomwe mayi Aisha (Allah asangalale nawo) adanena mu Muslim kuti Mtumiki ankasala masiku atatu pamwezi osasamala kuti ndi ati. A madh'hab a Maliki adaona kuti n'kosakondedwa kusankha dala masiku oyerawo, poopa kuti anthu angawayese okakamizidwa. A Shafi'i, omwe ambiri kuno timatsata, amawakonda, ndipo al-Nawawi adatchula kuti kusamala ndi kuonjezerapo la 12. Taonani kuti mankhwala a chikaiko ndi kuonjezera tsiku la sunna, osati kugwetsa chiwerengero cha mzinda wonse. Mu Dhul Hijja mokha muli kusiyana. Tsiku la 13 ndi lomaliza la Tashriq, losaloledwa kusala, choncho mabuku a Shafi'i amati munthu asale 14 ndi 15, n'kuika la 16 m'malo mwa la 13.