Mafuta a Pansi pa Nyanja ku Norway

Dziko la asodzi

Norway ndi dziko la kumpoto kwa Ulaya. Likulu lake ndi Oslo, ndipo anthu ake ndi oposa 5 miliyoni. Ndi dziko lozizira, la mapiri ndi matanthwe. Malo olima ndi ochepa zedi. Choncho kuyambira makedzana anthu a kumeneko ankadalira nyanja. Ankapha nsomba, ankakhoma zombo, ndiponso ankanyamula katundu wa mayiko ena pa sitima zawo za pamadzi.

Kumadzulo kwa dzikoli kuli nyanja ya mchere yotchedwa North Sea. Tsidya lina la nyanjayi kuli Britain. Mu 1958 akatswiri a boma odziwa za miyala analembera kalata Unduna wa Zakunja. Iwo anati pansi pa nyanja yawoyo munthu asayembekezere kupezapo malasha kapena mafuta. Koma chaka chotsatira chomwe, ku Groningen m'dziko la Netherlands kunapezeka gasi wochuluka. Gasi ndi mpweya woyaka wochokera pansi pa nthaka. Makampani a mafuta anayamba kuganiza kuti miyala yosunga gasiyo mwina inapitirira mpaka kunsi kwa madzi.

Kalata ya 1962

Mu Okutobala 1962 kampani ya ku America yotchedwa Phillips Petroleum inalembera boma la Norway. Inapempha kuti ipatsidwe yokha ufulu wofufuza mafuta m'nyanja yonse ya dzikolo, ndipo inalonjeza kuika pa ntchitoyo madola 160,000 pa mwezi. Boma silinavomere. Silinkadziwa n'komwe ngati mafutawo alipo, koma linaona kuti si bwino kupereka nyanja yonse kwa kampani imodzi.

Boma linayamba ndi malamulo. Pa 31 Meyi 1963 linalengeza kuti nthaka ya pansi pa nyanja, pamodzi ndi chuma chonse chili m'menemo, ndi ya dziko la Norway. Mu 1965 linagwirizana ndi Britain kuti malire adutse pakati penipeni pa nyanja. Mmodzi wa anthu amene anatsogolera zokambiranazi anali loya wa boma, a Jens Evensen. Mgwirizanowu unali wofunika kuposa mmene ambiri ankaonera nthawiyo. Pafupi ndi gombe la Norway pali chigwa chakuya cha pansi pa madzi. Malire akanathera pachigwa chimenecho, zitsime zolemera zimene zinapezeka pambuyo pake zikanakhala za ena.

Chaka chomwecho boma linagawa nyanja m'zigawo n'kupereka ziphaso 22 kwa makampani ofuna kukumba.

Ekofisk

Chitsime choyamba chinabooledwa mu 1966. Chinali chouma. Pofika 1969 zitsime zoposa 30 zinali zitabooledwa popanda phindu lenileni, ndipo makampani ena anayamba kulongedza katundu. Nayo Phillips inafuna kuchoka. Inali itatsala ndi chitsime chimodzi chimene inalonjeza pa chiphaso chake. Boma linaumirira kuti lonjezo ndi lonjezo: ikumbe, apo ayi ilipire. Kampaniyo inasankha kukumba.

Nsanja yoyandama yotchedwa Ocean Viking inaboola pa malo ena akutali makilomita oposa 300 kuchokera ku mzinda wa Stavanger. Madzi pamenepo ndi akuya mamita pafupifupi 70. Pansi pake, m'miyala ya choko, munali mafuta ochuluka kwabasi. Pa 23 Disembala 1969, Khirisimasi itatsala pang'ono, kampaniyo inadziwitsa boma. Malowo anatchedwa Ekofisk, ndipo mafuta anayamba kupopedwa mu Juni 1971.

Malamulo khumi

Mayiko ambiri amene anapeza mafuta anasauka nawo. Ndalama zinkathera m'matumba a anthu ochepa, ulimi ndi ntchito zina n'kufa. Munthu wina amene ankadziwa bwino zimenezi anali a Farouk al-Kasim, katswiri wa miyala wa ku Iraq. Iwo anafika ku Norway mu 1968 pamodzi ndi akazi awo, omwe anali a dzikolo, chifukwa mwana wawo ankafunika chithandizo cha kuchipatala. Podikira sitima ya pamtunda ku Oslo, analowa mu Unduna wa za Mafakitale kukafunsa mayina a makampani amene angawalembe ntchito. Undunawo unali ndi anthu ochepa chabe oona za mafuta, ndipo unawalemba ntchito iwowo. A al-Kasim anathandiza kulemba ndondomeko ya momwe boma liziyang'anira chuma chatsopanocho.

Mu 1971 Nyumba ya Malamulo inavomereza mfundo khumi, zimene anthu amazitcha malamulo khumi a mafuta. Zina mwa izo ndi izi. Ntchito yonse ya m'nyanja ikhale pansi pa ulamuliro wa dziko. Mafuta abereke mafakitale atsopano kumtunda. Chilengedwe ndi ntchito zakale zisaonongeke. Gasi asamangotenthedwa mumlengalenga. Boma likhale ndi kampani yakeyake.

Mu 1972 ntchito inagawidwa patatu. Unduna unkakonza mfundo. Bungwe lina la boma linkayendera makampani ndi kuonetsetsa kuti malamulo akutsatidwa. Kampani ya boma, Statoil, inkachita malonda. Wochita malonda sankadziyang'anira yekha. Makampani akunja sanathamangitsidwe, chifukwa ndiwo anali ndi luso ndi ndalama, koma ankagwira ntchito limodzi ndi Statoil ndi kuphunzitsa eni dziko. Lero msonkho wa pa phindu la mafuta ndi 78 pa 100 iliyonse. Statoil inasintha dzina mu 2018, tsopano ndi Equinor.

Ntchito ibwera kumtunda

Nsanja ya m'nyanja siidzidalira. Imafuna zitsulo, mapaipi, simenti, mankhwala, chakudya, madzi akumwa, zombo zobweretsa katundu ndi mahelikopita onyamula antchito. Poyamba zambiri mwa izi zinkagulidwa kunja. Mu 1972 boma linalamula kuti katundu ndi antchito a m'dziko momwemo aziyamba kuganiziridwa, bola akhale abwino ndi a mtengo woyenera.

Stavanger unali mzinda wa mafakitale oika nsomba m'zitini, ndipo ntchito imeneyo inali ikutha. Mzindawu unasanduka likulu la mafuta. Owotcherera zitsulo amene ankapanga sitima anayamba kupanga nsanja. Mabanja a asodzi a ku Fosnavåg ndi Ulsteinvik, ozolowera mafunde aukali, anagula ndi kupanga zombo zoperekera katundu ku nsanja.

Amisiri a ku Norway anatchuka ndi nsanja za konkireti zotchedwa Condeep. Gombe la dzikoli lili ndi malo amene nyanja imalowa mkati pakati pa mapiri, madzi ake akuya koma abata. M'malo otere ankamanga miyendo ya nsanja ili chiyandamire, kenako n'kuikoka ndi zombo kupita nayo pakati pa nyanja. Yaikulu kwambiri ndi Troll A, yotalika mamita 472, imene inakokedwa mu 1995. Inaima m'madzi akuya mamita pafupifupi 300, pamwamba pa nkhokwe ya gasi yaikulu kuposa zonse m'dzikolo. Sikuti zonse zinkayenda bwino. Mu Ogasiti 1991 tsinde la konkireti la nsanja ya Sleipner A linang'aluka poyesedwa pafupi ndi Stavanger, n'kumira. Palibe anafa, koma linamangidwanso lina.

Usiku wa 27 Malichi 1980

Zaka zoyambirira zinali za liwiro, ndipo chitetezo cha antchito chinkabwera pambuyo. Mu Epulo 1977 chitsime cha pa nsanja ya Bravo ku Ekofisk chinaphulika, mafuta n'kumakhuthukira m'nyanja kwa sabata yathunthu.

Ngozi yaikulu inadza patatha zaka zitatu. Alexander L. Kielland inali nsanja yoyandama ya miyendo isanu. Inkagwira ntchito ngati nyumba yogona antchito a ku Ekofisk. Madzulo a pa 27 Malichi 1980 kunali mphepo yamkuntho. M'nsanjamo munali anthu 212. Ambiri anali ataweruka. Ena ankadya, ena ankaonera kanema. Mwadzidzidzi kunamveka chiphokoso, ndipo mwendo umodzi unathyoka. Nsanja inapendekeka. Magetsi anazima. Mabwato opulumukira analipo, koma ena anakanika kumasuka pa ngowe zake ndipo anaphwanyika pomenyetseka ku nsanja. Patangotha mphindi pafupifupi 20, nsanja yonse inagadabuzika m'madzi ozizira. Anthu 123 anafa, 89 anapulumuka.

Ofufuza anapeza kuti vuto linayambira pa kachitsulo kakang'ono kamene kanawotchereredwa molakwika pa chitsulo chochirikiza mwendo. Mng'alu unkakula pang'onopang'ono kwa zaka, osaonedwa ndi woyendera aliyense. Pambuyo pa ngoziyi malamulo anakhwima. Aliyense wopita ku nsanja anayenera kukhala ndi chovala chomuteteza ku madzi ozizira ndi kuphunzira kudzipulumutsa. Mabungwe a antchito analimbikira ufulu woimitsa ntchito ikaoneka yoopsa. Mabanja a omwalirawo anakhala zaka zambiri akudandaula kuti mafunso awo sanayankhidwe onse.

Anthu olowa pansi pa madzi

Mapaipi a pansi pa nyanja ankalumikizidwa ndi manja a anthu. Anthu ake anali akatswiri olowa m'madzi akuya. Kunsi kwa nyanja madzi amapanikiza thupi mwamphamvu. Choncho iwo ankakhala masabata angapo m'kachipinda kachitsulo kodzaza ndi mpweya wopanikizidwa, n'kumatsitsidwa ku ntchito kuchokera m'menemo. Pomaliza ankafunika masiku angapo kuti mpweyawo uchepetsedwe pang'onopang'ono. Kufulumiza kunkapulumutsa ndalama za kampani, koma kunkaononga ubongo, mapapo ndi mafupa a munthu.

Pa 5 Novembala 1983 anthu asanu anafa pa nsanja ya Byford Dolphin, kachipinda kotere katatseguka nthawi isanakwane. Ena ambiri anapuma ntchito ali odwala. Iwo anakasuma, ndipo mlandu unafika ku khoti la ufulu wa anthu la ku Ulaya. Mu Disembala 2013 khotilo linagamula kuti boma la Norway linalakwa posaonetsetsa kuti anthuwa auzidwa za kuopsa kwa ntchito yawo. Boma linalipira chipukutamisozi.

Fakitale ya pansi pa nyanja

Munthu sangatsike kulikonse, ndipo nsanja ndi yodula. Choncho amisiri anayamba kuika zipangizo pa nthaka ya pansi pa nyanja penipenipo. Pakamwa pa chitsime amaikapo chitsulo chachikulu cha mipopi yambiri yotsekula ndi kutseka. Zitsime zingapo zimakumana pa chimango chimodzi. Chingwe chonenepa chimabweretsa magetsi, mankhwala ndi mauthenga kuchokera kumtunda kapena ku sitima. Zikaonongeka, amatumiza maloboti okhala ndi makamera ndi manja achitsulo. Woyendetsa loboti amakhala pa mpando m'chombo, akuyang'ana pa kompyuta.

Ormen Lange ndi chitsanzo. Malowa ali makilomita pafupifupi 120 kuchokera ku gombe, m'madzi akuya mamita oposa 800. Pamwamba pa madzi sipaoneka kanthu. Gasi amayenda m'mapaipi mpaka ku Nyhamna, kumene amayeretsedwa. Kuchoka apo amalowa m'paipi ya Langeled, yotalika makilomita oposa 1,100, mpaka ku Easington ku England. Ntchitoyi inayamba mu 2007. Mu 2015 ku Åsgard anaika makina okankha gasi pansi pa nyanja, oyamba a mtundu wake pa dziko lonse.

Zipangizo zotere zimapangidwa m'matauni ngati Kongsberg, kumene kale kunali migodi ya siliva ndi fakitale ya mfuti, ndi Egersund. Makampani monga Aker Solutions ndi Subsea 7 agwirapo ntchito ku Brazil, ku Angola ndi ku Australia. Mafuta akadzatha, luso ili lidzatsala. Komabe ntchitozi zimayendera mtengo wa mafuta. Utagwa mu 2014, anthu zikwizikwi anachotsedwa ntchito, makamaka ku Stavanger.

Thumba la mafuta

Mu 1990 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa thumba losungiramo ndalama za mafuta. Ndalama zoyamba zinalowamo mu 1996. Thumbali limayendetsedwa ndi banki yaikulu ya dzikolo, ndipo ndalama zake zimaikidwa kunja kokha, m'makampani zikwi zingapo, kuti zisakweze mitengo ya zinthu kwawo. Lamulo la 2001 linati boma lizitapamo pafupifupi 4 pa 100 iliyonse pa chaka. Mu 2017 anatsitsa kufika pa 3. Zili ngati mwini khola amene amamwa mkaka koma ng'ombe osagulitsa. Chaka chomwecho thumbali linapitirira madola 1 thiriliyoni. Nzika iliyonse ikhoza kuona pa intaneti kuchuluka kwa ndalamazo ndi kumene zaikidwa.

Masiku ano

Mu 2005 Norway inayamba ndondomeko yothandiza mayiko ena kulemba malamulo a mafuta. Limodzi mwa mayikowo linali Mozambique, kumene gasi wambiri anapezeka mu 2010 m'nyanja ya kufupi ndi mtsinje wa Rovuma.

Ku Norway komweko kukumba kukupitirira. Malo aakulu a Johan Sverdrup anayamba kutulutsa mafuta mu 2019. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itabuka mu 2022, Norway inakhala dziko logulitsa gasi wambiri ku Ulaya kuposa lina lililonse. Koma mkangano ulipo. Achinyamata ambiri ndi mabungwe a zachilengedwe akuti utsi wa mafuta ukusintha nyengo, choncho kufufuza zitsime zatsopano kulekeke. Ena akuti ntchito ndi misonkho zikufunikabe. Kumpoto, kufupi ndi zilumba za Lofoten, nsomba zambiri zimabwera kudzaswana chaka ndi chaka. Asodzi akhala akukana nsanja kumeneko, ndipo boma silinatsegulebe maderawo kuti makampani azipopamo mafuta.