Mzinda wa Oxford

Oxford ndi mzinda wa ku Mangalande umene uli mailosi oposa 50 kucokera ku London. Dzina lace litanthauza "dooko la ng'ombe", pakuti pamenepo ndipo ng'ombe zinkaolokera mtsinje wa Thames. Pofika caka ca 1096 maphunziro anali atayamba kale pamalopo, koma ophunzira anacuruka mu 1167, pamene Mfumu Henry II inaletsa Angerezi kukaphunzira ku Paris.

Eni mudzi sanakondwere nao alendo amenewa, ndipo ndeu sizinkasowa. Mu 1209 ophunzira ena anathawira ku Cambridge, nayambitsa sukulu yao kumeneko. Koma cipolowe coopsa cinabuka pa 10 February 1355. Ophunzira ena analowa m'nyumba yomwera, nadandaula kuti vinyo amene anapatsidwa ngwoipa. Mwini nyumba anawayankha mwacipongwe, ndipo iwo anamgenda naco cikho. Nkhani yocepa coteroyo inautsa nkhondo ya masiku atatu. Anthu a m'midzi yozungulira anadza ndi mauta ndi zibonga kudzathandiza anzao, ndipo ophunzira oposa 60 anaphedwa. Mfumu Edward III poweruza mlanduwo inaimira ophunzira. Caka ndi caka pa tsiku lomwelo mkuru wa mzinda ndi akuluakulu ace ankapita ku chalichi ca St Mary kukalipira kobiri limodzi pa wophunzira ali yense amene anafa. Ndalama zace zinali zocepa, cowawa cinali manyazi, ndipo anawasenza kufikira 1825, zaka 470.

Mlendo wofika lero amaona makoleji a miyala, monga Balliol ndi Merton, amene anakhazikitsidwa ca m'ma 1260. Ku Christ Church kuli belu lalikuru lochedwa Great Tom, limene limalira ka 101 usiku uli wonse, mphindi zisanu itapitirira 9 koloko. Kale limenelo linali cizindikiro cotsekera zipata. Nyumba ya mabuku ya Bodleian inatsegulidwa mu 1602, ndipo lamulo lace ndi lakuti buku lisaturuke kunja. Mu 1645 Mfumu Charles I inapempha kubwereka buku limodzi, koma woyang'anira anaikaniza. Akazi anayamba kulandira madigiri mu 1920, mocedwa ndithu.

Mu 1857 David Livingstone analankhula ku Oxford ndi ku Cambridge, nadandaulira ophunzira za malonda a akapolo. Mau acewo anabala mishoni ya U.M.C.A., ndipo Bishopu Mackenzie anafika ku Magomero mu 1861. Mishoni yomweyo ndiyo inadzamanga pa Msoro, kum'mawa kwa Zambia.